Madzi ozizira osafola mizere: kuyeza nthawi yomasukira pa kompyuta

Sungunulani shuga m'poto mpaka achite ngati uchi, kenako mumukhuthulire pa chitsulo chozizira. Sabwereranso kukhala timibulu toyera tija munagula kusitolo. Amalimba n'kukhala switi woonekera mkati, wosweka ngati botolo. Kwa asayansi switi ameneyu ndi galasi, chimodzimodzi la pawindo. Mamolekyu ake sanafole mizere ngati mmene amachitira mu crystal ya mchere. Akhala mwachisawawa monga analili shugayo ali wamadzimadzi, kungoti aleka kusinthana malo.

Chodabwitsa ndi kukula kwa kusinthaku. Madzi akumwa ali ndi viscosity (muyezo wa mmene chinthu chimakanira kuyenderera) ya pafupifupi 0.001 Pa·s. Chinthu chamadzimadzi timati chasanduka galasi viscosity yake ikafika cha pa 10^12 Pa·s, ndipo pamenepo mamolekyu amatenga masekondi pafupifupi 100 kuti asinthane malo. Chili chotentha, kusinthanako kumatha m'masekondi 10^-12. Nthawi yatalika ka 10^14, komabe mutajambula kakhalidwe ka mamolekyuwo kotentha ndi kozizira, zithunzi ziwirizo simungazisiyanitse msanga. Silica imafika pamenepa cha pa 1200 °C, glycerol cha pa 190 K, ortho-terphenyl cha pa 245 K.

Nthawi yosinthana malo imeneyi ndiyo tikuitcha nthawi yomasukira, chizindikiro chake τ. Mawu oti "madzi" m'nkhani ino akuimira chilichonse chamadzimadzi chimene chingasanduke galasi. Kuyendetsa pulogalamu yoyerekezera madzi otere sikuvuta, mungaphunzire tsiku limodzi. Chovuta ndi kutsimikiza kuti τ imene yatuluka ndi ya madzi okhazikika pa kutentha kumeneko, osati ya galasi limene likukalamba m'bokosi mwanu inu osadziwa.

Yambani ndi masamu a nthawi

Mu njira yoyerekezera yotchedwa molecular dynamics kompyuta imawerengera force ya pa atomu iliyonse, n'kuisuntha pang'ono, n'kuwerengeranso. Sitepe imodzi iyenera kukhala yaifupi kuposa kunjenjemera kwa atomu. Pa timipira ta Lennard-Jones, toimira maatomu okankhana pafupi ndi kukokana patali, timagwiritsa ntchito sitepe ya dt = 0.005 m'muyezo wa nthawi wa timipirato, ndipo mukayerekeza ndi argon, imene muyezo wake wa nthawi uli pafupifupi mapikosekondi 2, sitepeyo ndi cha pa 10^-14 ya sekondi. Kuti mufike pa masekondi 100 mufunika masitepe 10^16. Tinene kuti makina anu akuchita masitepe 10,000 pa sekondi: muyembekezera zaka zopitirira 30,000. Masitepe 10^9, amene makina omwewo amatha pa tsiku limodzi ndi maola ochepa, amangokufikitsani pa mamaikirosekondi 10.

Choncho kuyerekezera wamba kumangoona chiyambi cha kuchedwaku, pomwe τ yakula ka 10,000 kapena ka 100,000. Kuziziritsa kwa pa kompyuta nakonso n'kwaliwiro losaneneka, 10^10 K pa sekondi kapena kuposa, pamene mu labotale amatsitsa madigiri ochepa pa mphindi. Aliyense wonena kuti wapeza Tg, kutentha kumene madzi amasandukira galasi, pa kompyuta mwa kungoziziritsa ndi kuona pomwe mzere wa mphamvu wapindika, wapeza kutentha kumene makina ake analephera kudikira. Akaziziritsa mochedwerapo, malo opindikawo amatsika.

Timipira ta Kob ndi Andersen

Timipira tofanana kukula sitichedwa kufola mizere tikazizira. N'chifukwa chake Walter Kob ndi Hans Andersen, mu 1994 ndi 1995, anasakaniza mitundu iwiri: A 80 pa 100 alionse ndi B 20, potengera chitsulo chosakaniza cha nickel ndi phosphorus. Kulemera kwa timipira tonse ndi 1. Kukula kwake: σAA = 1.0, σAB = 0.8, σBB = 0.88. Kukokana kwake: εAA = 1.0, εAB = 1.5, εBB = 0.5. Taonani kuti σAB ndi yaing'ono kuposa σAA ndi σBB zomwe, ndipo εAB ndi yaikulu kuposa zonse. Izi anachitira dala. A ndi B timakondana kwambiri n'kumamatirana, motero A sitipeza mpata wosonkhana patokha kuti tipange crystal.

Mu LAMMPS, pulogalamu ya ku labotale ya Sandia ku America imene ambiri amayambira, mizere yake ndi iyi:

pair_style lj/cut 2.5
pair_coeff 1 1 1.0 1.0 2.5
pair_coeff 1 2 1.5 0.8 2.0
pair_coeff 2 2 0.5 0.88 2.2
pair_modify shift yes

Nambala yomaliza pa mzere uliwonse ndi mtunda pomwe potential, mphamvu ya kukokana ndi kukankhana kwa timipira tiwiri, imadulidwa, 2.5 kuchulukitsa σ ya awiriwo. Mukaisiya, onse adulidwa pa 2.5 ndipo si madzi a Kob-Andersen enieninso. Choopsa kwambiri ndi kuiwala mzere wa 1 2. LAMMPS sidandaula. Imadziwerengera yokha, n'kuika ε = 0.707 ndi σ = 0.938, ndipo mumakhala ndi madzi ena amene alibe chitetezo chija.

Pali zinthu zina zitatu zimene zimasokoneza poyerekeza zotsatira zanu ndi za ena. Choyamba ndi kuthithikana. Kob ndi Andersen anaika timipira 1000 m'bokosi la mbali 9.4, zimene zimapereka 1.204, pomwe ambiri masiku ano amaika 1.2 ndendende, bokosi la 9.41. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, gawo limodzi mwa 300. Koma m'madzi amenewa kayendedwe kamadalira pafupifupi ρ^5/T (ρ ndi kuthithikana, T ndi kutentha m'muyezo wa εAA), ndiye kusiyanako kukufanana ndi kusintha T ndi 1.7 pa 100. Pa T = 0.45 zimenezo zimaoneka bwinobwino pa τ. Chachiwiri ndi muyezo wa nthawi: m'zolemba zoyambirira za Kob ndi Andersen muli 48 pansi pa square root, choncho nthawi zawo zimaoneka zazikulu ka 6.93 kuposa za LAMMPS. Chachitatu ndi podulira. Mukadula potential pa dzenje lake, 2^(1/6) σ, n'kutsala ndi kukankhana kokha, g(r), imene imaonetsa katalikirana ka timipira, imasintha pang'ono chabe koma madziwo amamasuka mofulumira kwambiri kozizira. Ludovic Berthier ndi Gilles Tarjus anaonetsa zimenezi mu 2009.

Kukonza bokosi

Timipira 4000 pa kuthithikana 1.2 timafuna bokosi la mbali 14.94, lokhala ndi malire ozungulira, oti kampira kotulukira kumanja kamalowera kumanzere. Mukatimwaza mwachisawawa, tina timagwera pamodzi, force yake imakhala yaikulu zedi, ndipo sitepe yoyamba yomweyo uthenga wa "Lost atoms" umatuluka. Yambani ndi minimize, lamulo lotsitsa mphamvu ya potential, kapena tiikeni pa mizere n'kusakaniza mitundu yake. Kenako sungunulani pa T = 2.0 kapena kuposa kwa masitepe 100,000 kuti chiyambicho chiiwalike. Popereka liwiro loyamba onetsetsani kuti momentum ya bokosi lonse ndi 0.

Tsikani pang'onopang'ono: 2.0, 1.0, 0.8, 0.7, 0.6, 0.55, 0.50, 0.47, 0.45, ndipo mapeto a kutentha kulikonse akhale chiyambi cha kotsatira. Mipata ikucheperachepera chifukwa pamwamba pa T = 1.0 palibe chachilendo, τ ili pafupi ndi 1. Pofika 0.45 yalowa m'mazana ambiri, ndipo pa 0.40 yapitirira 100,000.

Pokhazikitsa gwiritsani ntchito thermostat (chosunga kutentha) ya Nosé-Hoover, fix nvt, ndipo Tdamp, nthawi imene imatenga kukonza kutenthako, ikhale ngati masitepe 100, kapena kuti 0.5. Pewani thermostat ya Berendsen ndi kuchulukitsa liwiro mwachindunji poyeza, chifukwa sizipereka kusinthasintha koyenera kwa mphamvu ndipo zimatha kukankhira mphamvuyo ku kuyenda kwa bokosi lonse. Poyeza penipeni mungapitirize ndi Nosé-Hoover kapena kuchotsa thermostat n'kuyenda ndi fix nve, imene imasunga mphamvu yonse yosasintha. Mukasankha nve musangozimitsa thermostat pa sitepe iliyonse imene yafika. Mphamvu ya panthawiyo ikhoza kukhala pamwamba kapena pansi pa avereji, ndipo m'bokosi laling'ono T ya ulendo wonse idzaphonya. Konzani liwiro kuti mphamvu yonse ifanane ndi avereji ya nvt, ndipo muziyang'ana ngati sikukwera pa ulendo wautali. Ikamakwera, onani neighbor 0.3 bin ndi neigh_modify every 1 delay 0 check yes musanayambe kukayikira dt.

Thermostat ya Langevin imasintha kayendedwe ka nthawi yaifupi ndi muyezo wa nthawi, koma maonekedwe a kumasuka kwa nthawi yaitali amakhala omwewo. Ili ndi msampha wake: imakankha bokosi lonse mwachisawawa pokhapokha mutalemba zero yes. Bokosi loyenda pa liwiro la 0.0001 chabe limakhala litasuntha mtunda wa timipira 10 pakatha nthawi 100,000, ndipo girafu idzakuuzani kuti madzi amasuka pomwe palibe kampira kasiya anansi ake. Chotsani kusuntha kwa pakati pa bokosi nthawi zonse musanawerengere chilichonse.

Kusunga malo a timipira

Apa pamaonongeka ntchito yambiri, ndipo munthu amazindikira ulendo wa milungu itatu utatha. Mufunika kuona zochitika pa nthawi 0.01 komanso pa nthawi 1,000,000. Chithunzi chimodzi cha timipira 4000 chimadya makilobaiti pafupifupi 200. Kusunga pa masitepe 10 alionse mwa 10^9 ndi materabaiti 20. Njira yake ndi kusunga modumpha mochulukitsa: sitepe 1, 2, 4, 8, 16, mpaka mwina 2^20, kenako kuyambanso mndandandawo kuchokera pamene mwafika. Chiyambi cha mndandanda uliwonse chimakhala poyambira kuwerengera, ndipo nthawi zotalika kuposa mndandanda umodzi mumazipeza poyerekeza ziyambizo.

Sungani xu yu zu, osati x y z. Zachiwirizi zimabwezedwa m'bokosi, ndiye kampira kodutsa malire kamaoneka ngati kadumpha mbali yonse ya bokosi. Lembani dump_modify sort id, apo ayi pa mapurosesa ambiri mndandanda wa timipira umasintha pa chithunzi chilichonse ndipo mudzakhala mukuchotsera malo a kampira kena pa kanzake. Onjezaninso manambala a pambuyo pa dontho. LAMMPS ikasiyidwa imalemba manambala 6 okha, amene sakwanira kuona kusuntha kwa sitepe imodzi kapena ziwiri.

Khola, ndi kutuluka m'khola

Choyamba kujambula ndi avereji ya mtunda wosuntha wodzichulukitsa wokha, MSD, mbali zonse ziwiri za girafu zili pa log, A payokha B payokha. Poyamba mzere umakwera ngati t², kampira kakuuluka kasanagunde kanzake. Kotentha umapindika n'kuyamba kukwera ngati 6Dt, D kukhala muyezo wa kufalikira kwa timipira, basi. Pansi pa T = 1.0 pamabadwa chigawo chachitatu pakati: mzere umagona chathyathyathya cha pa 0.03 kwa timipira ta A. Square root ya 0.03 ndi 0.17, ndiye kuti kampira kakungogwedera m'malo osakwana gawo limodzi mwa 5 la kukula kwake. Katsekeredwa m'khola, ndipo mpanda wa kholalo ndi anansi ake, amenenso ali m'makola awo. Zili ngati minibasi yodzaza: wakumbuyo satsika pokhapokha atatu kapena anayi asunthe. Kutentha kukamatsika, msinkhu wa chigawo chogonachi susintha kwenikweni. Chimene chimakula ndi utali wake.

τ yeniyeni imachokera pa Fs(q,t), imene imayamba pa 1 n'kutsika kufika pa 0 timipira tikaiwala pomwe tinali. Pa kampira kalikonse ka A tengani mtunda r umene kasuntha pa nthawi t, werengerani sin(qr)/(qr), n'kupeza avereji. Ikani q = 7.25, pomwe pali nsonga yoyamba ya S(q), muyezo wa kakhalidwe ka timipira, ya A. Ya B ambiri amaika 5.75. Kusankha q imeneyi ndi kufunsa ngati kampira kasuntha mtunda wofanana ndi wa pakati pa anansi. Kozizira Fs imatsika kawiri: msanga kufika cha pa 0.75, kumene ndi kugwedera m'khola, kenako imagona, kenako imagwa pang'onopang'ono. Kugwa kwachiwiriku ndiko kumasuka kwa α, ndipo τ ndi nthawi imene Fs yafika pa 1/e, kapena kuti 0.368. Ena amaika 0.1 kapena 0.2. Zonse n'zololeka, bola munene imene mwasankha ndipo musaisinthe pakati.

Kugwako sikutsata exponential wamba. Kumakokeka, ngati f·exp[−(t/τ)^β], f kukhala msinkhu wa chigawo chogona, β ili pansi pa 1, kawirikawiri 0.6 mpaka 0.8 m'madzi amenewa. Kohlrausch analemba kale masamu amenewa mu 1854, Williams ndi Watts n'kuwadzutsanso mu 1970. Pochita fit musiye f yomasuka ndipo muyambire pambuyo pa chigawo chogona. Mukaphatikiza kutsika koyamba, β imatuluka yaing'ono monama.

Kodi madziwo akhazikika?

Mukatsitsa T mwadzidzidzi, liwiro la timipira limatsata m'masitepe mazana ochepa, ndipo nambala ya Temp pa sikirini imaoneka yabwino. Kakhalidwe ka timipira, komabe, kakadali ka kutentha kwakale. Kamafuna τ zambiri kuti kafike. M'nthawi imeneyi madzi akukalamba: τ imene mungayeze imadalira nthawi imene mwadikira, ndipo imakula mukamadikira. Cholakwacho chimalowera mbali imodzi nthawi zonse. Madzi ochokera kotentha amene sanakhazikike amapereka τ yaing'ono kuposa yoona. Pa girafu ya log τ ndi 1/T, madontho awiri omaliza amagwa pansi pa mzere, n'kuoneka ngati madziwo asintha khalidwe, ngati kuchedwa kwayamba kuchepa mphamvu. Madontho awiri otsika chonchi ndi oyenera kuwakayikira musanawalembere tanthauzo.

Lamulo lotetezeka ndi kudikira τ 50 mpaka 100 musanayambe kuyeza, kenako kuyeza kwa nthawi yofanana nayo. Vuto n'lakuti τ simukuidziwa, ndiyo mukufunayo. Ilingalireni kuchokera pa kutentha kutatu kwam'mbuyo, muichulukitse ka 3 podziteteza, ndipo mukaipeza bwererani mukaone ngati kudikira kuja kunakwana. Ngati sikunakwane, ulendo umene munautcha woyeza usanduke wokhazikitsa, muyambe wina.

Mayeso ake ndi awa, ndipo limodzi silikwana. Dulani ulendo woyeza pakati, muwerengere Fs ya theka loyamba ndi ya lachiwiri. Mizere iwiriyo igonane. Yachiwiri ikakhala kumanja kwa yoyamba, madzi akukalambabe. Onaninso kuti Fs yafikadi pa 0, osati pa 0.2 n'kumalizitsa ndi fit, komanso kuti MSD ya A yapitirira 1 ndi patali ndipo ikukwera molingana ndi t. Timipira ta B timayenda msanga, choncho musatiyese umboni.

Mphamvu ya potential yokha ndi mboni yofooka. Pokalamba imatsika ngati log ya nthawi, pang'onopang'ono kwambiri, ndipo kunjenjemera kwa kutentha kumaibisa. Pa girafu ya nthawi wamba imaoneka yogona ngakhale pamene ikutsika. Ijambuleni pa log ya nthawi. Chabwino koposa ndi kuchotsa kunjenjemerako: tengani zithunzi 200 za m'ulendo, chilichonse muchichite minimize ndi conjugate gradient kapena FIRE mpaka force itatheratu, n'kulemba mphamvu yotsalayo. Kakhalidwe kotsala pambuyo pa minimize kameneka, kamene Frank Stillinger ndi Thomas Weber anakatcha inherent structure, kalibe phokoso lambiri, ndipo kutsika kobisika kuja kumaonekera poyera. Muyezo womwewu, monga Sastry, Debenedetti ndi Stillinger anaonetsera mu 1998, umakhala wosasintha kotentha n'kuyamba kutsika cha pa T = 1.0, pamalo omwe khola limayamba kuoneka.

Yeso limene ndimalikhulupirira kuposa onse ndi kufika pa T imodzi kuchokera mbali ziwiri. Tengani bokosi lokhazikika pa 0.50 mulitsitse ku 0.47, ndipo lina lokhazikika pa 0.45 mulikweze ku 0.47. Loyamba mphamvu yake imatsika, lachiwiri imakwera. Zikakumana n'kukhala pamodzi, ndipo τ zawo zikafanana, palibenso chokayikira. Zimadya nthawi ya makina kawiri, koma pa kutentha kuwiri kotsikitsitsa n'zoyenera.

Pa kukula kwa cholakwa, musawerenge zoyambira 1000 za m'kati mwa τ imodzi ngati miyezo 1000. Zonsezo ndi chithunzi chimodzi. Yendetsani mabokosi 8 kapena 10 osiyana kuyambira posungunula pomwe, lililonse ndi seed yake (nambala yoyambira manambala achisawawa), ndipo cholakwa chichokere pa kusiyana kwa τ zawo. Kusintha liwiro lokha pa bokosi limodzi lozizira sikupanga masampulo osiyana.

Crystal yobisala

Madzi a Kob-Andersen si otetezeka kotheratu. Gulu la ku Roskilde, la Pedersen, Schrøder ndi Dyre, linapeza mu 2018 kuti pa kuthithikana 1.2 crystal yake imasungunuka cha pa T = 1.03. Zonse zimene tikuchita pansi pa nambala imeneyi zili pamalo oti crystal ndiyo yokhazikika koposa, ikungosowa poyambira. Pa maulendo aatali cha ku 0.40 imapezadi poyambira: penapake timipira ta A timachulukana mwangozi, n'kufola mizere ya crystal ya mtundu wa fcc patokha. Bokosi lalikulu limagwidwa msanga kuposa laling'ono popeza lili ndi malo ambiri oyambira. Zizindikiro zake ndi kugwa kwadzidzidzi kwa mphamvu m'bokosi limodzi pomwe anzake ali bwino, kukwera kwa Q6 ya Steinhardt, muyezo wa kufola mizere kwa anansi, pa timipira ta A, ndi Fs yokana kufika pa 0. Bokosi lotero lichotseni ndipo munene kuti mwachotsa angati. Kuchulukitsa B kufika pa 2:1 kumathandiza madziwo kupirira, koma amenewo ndi madzi ena, manambala a 80:20 sagwiranso.

Masamu atatu, madontho amodzimodzi

Jambulani log τ ndi 1/T. Mzere wowongoka ukutanthauza Arrhenius, chipupa chimodzi chosasintha chimene kampira kayenera kulumpha. Austen Angell anatcha madzi otere strong, ndipo silica ndiyo chitsanzo chake. Horbach ndi Kob atayerekezera silica mu 1999 ndi potential ya BKS, sitepe yake mafemtosekondi 1.6, anangotsika mpaka 2750 K, ndipo kumunsiko anapeza mzere wowongoka. Ortho-terphenyl ndi Kob-Andersen mzere wake umakhotera m'mwamba: chipupacho chikukula pamene kukuzizira. Amenewa ndiwo fragile.

Pa mzere wokhotawu anthu amaikapo masamu atatu. A Vogel, Fulcher ndi Tammann, a zaka za m'ma 1920, amati τ = τ0·exp[D·T0/(T − T0)], D pano ndi nambala ya fit chabe osati ya kufalikira ija, ndipo pa Kob-Andersen T0 imatuluka cha pa 0.3. A mode-coupling, chiphunzitso cha Götze ndi anzake cha 1984, amati τ imakula ngati (T − Tc)^−γ, Tc = 0.435. A Elmatad, Chandler ndi Garrahan a 2009 amati log τ imakula ngati (1/T − 1/To)², popanda kutentha kulikonse kumene τ imakhala yopanda malire kupatula 0. Onse atatu amadutsa bwino m'madontho a pa kompyuta, lililonse m'chigawo chake, ndipo amasiyana kutalitali mukawapitiriza kumene kulibe madontho. Za Tc tikudziwa kale: madziwo amayezeka pa 0.435 ndi pansi pake, τ ili ndi malire, kotero nambalayi ndi chikhomo chothandiza basi. T0 nayo imasuntha mukachotsa kapena kuwonjezera dontho limodzi. Yesani dala kuchotsa dontho lotsikitsitsa muone. Kwa ine chothandiza kuposa fit iliyonse ndi kujambula kupendekeka kwa mzere, d(ln τ)/d(1/T), pa dontho lililonse. Kumafuna τ zoyera, koma sikubisa kanthu.

Si timipira tonse timachedwa mofanana

β yochepera 1 ili ndi gwero looneka ndi maso. Pakani utoto timipira molingana ndi mtunda umene tasuntha pa nthawi τ. Mudzaona magulu a tothamanga ndi madera a togona, ndipo tothamanga nthawi zambiri timatsatana mondondozana, kena kulowa pomwe kanzake kachoka, monga Donati, Glotzer, Kob ndi anzawo anaonera mu 1998. Muyezo wosavuta ndi α2 = 3⟨r⁴⟩/(5⟨r²⟩²) − 1, umene ndi 0 timipira tonse tikamayenda mofanana, ndipo nsonga yake imakula kukamazizira. Wina ndi χ4: werengani gawo la timipira timene sitinasunthe kupitirira 0.3, n'kuchulukitsa variance yake ndi N, chiwerengero cha timipira. Imeneyi imafuna masampulo ambiri kuposa τ, ndipo imatuluka yaing'ono mu nve kuposa mu nvt pa madzi omwewo, choncho musasakanize. Onaninso D kuchulukitsa τ. Kotentha sisintha kwenikweni, kozizira imakwera, chifukwa D imakokedwa ndi tothamanga pomwe τ imadikira togona.

M'mabokosi a mbali ziwiri zokha muli vuto lina. Mafunde aatali amasuntha dera lonse pamodzi, Fs n'kugwa makola asanasweke, ndipo vutoli limakula ndi bokosi. Yezani kusuntha kwa kampira mutachotsera avereji ya kusuntha kwa anansi ake.

Kudumpha mpanda ndi swap

Njira imene yasintha ntchitoyi ndi swap Monte Carlo. Grigera ndi Parisi anaiyesa mu 2001, koma mphamvu yake inaoneka mu 2017 pamene Ninarello, Berthier ndi Coslovich anakonza madzi oyenerana nayo. Pakati pa kusuntha wamba, mumasankha timipira tiwiri mwachisawawa n'kuyesa kusinthanitsa kukula kwake, kuvomera kapena kukana mwa lamulo la Metropolis. Kampira kakakulu kotsekeredwa kakalandira kukula kochepa, kamapeza mpata. M'chilengedwe zotere sizichitika, koma kakhalidwe kotulukapo ndi ka madzi okhazikika enieni pa T imeneyo.

Pa Kob-Andersen 80:20 njirayi sigwira, chifukwa A ndi B n'zosiyana kwambiri ndipo pafupifupi kusinthanitsa konse kumakanidwa. Imafuna timipira ta misinkhu yotsatizana. Madzi a 2017 aja ali ndi kukula kuyambira 0.73 mpaka 1.62, kuchuluka kwake kukutsata σ^−3, kukankhana kwa (σij/r)^12 kodulidwa pa 1.25σij, ndipo σij ndi avereji ya awiriwo kuchulukitsa 1 − 0.2|σi − σj|. Kachigawo ka 0.2 kameneka ndi kofunika: popanda iko, swap yomweyo imafulumizitsanso tatikulu kupatukana ndi tating'ono n'kupanga crystal. Kuyesa swap kamodzi pa mayendedwe 5 alionse, kukhazikika kumafulumira koposa ka 10^10, mpaka kufika pansi pa Tg ya mu labotale.

Swap imakupatsani bokosi lokhazikika, sikupatsani τ ya madziwo. Kuti muyeze kumasuka, izimitseni, mupereke liwiro latsopano la Maxwell pa T yomweyo, muyendetse molecular dynamics wamba. Phindu lake n'lakuti kudikira kwa τ 100 kuja kwachoka, sitepe yoyamba yomwe ndi muyezo wabwino, ndipo mabokosi mazana osiyana amapezeka motchipa. Umu ndi mmene Scalliet, Guiselin ndi Berthier mu 2022 anatsatira madzi kwa nthawi yofanana ndi mamilisekondi 30. Pansi pa pamenepo Fs sigwanso m'nthawi imene makina angafike, ndipo chimene mungayeze ndi chiyambi cha kugwako chokha.

Pokonza timipira ta misinkhu yosiyana m'bokosi laling'ono, musatole kukula kwatsopano mwachisawawa pa bokosi lililonse. Pa timipira 1000 kapena kucheperapo, bokosi lina limalandira tatikulu tochulukirapo, limakhala lothithikana kuposa anzake, τ yake n'kutalika, ndipo kusiyana kumeneku kumalowa mu χ4 ngati kuti ndi khalidwe la madzi. Werengerani mndandanda umodzi wa kukula pogawa chiwerengero chonsecho m'zigawo N zofanana, muugwiritse ntchito m'mabokosi onse, n'kumangosintha malo oyambira a timipira.